Ludwig Haberlandt: Dotolo Amene Anayamba ndi Akalulu Kufufuza Mankhwala a Cilezi

Azimai ambiri a m'maboma a Katete, Sinda ndi Vubwi, m'cigawo ca Kum'mawa, amapita ku kiliniki pakatha miyezi itatu iliyonse kukalasitsa nyeleti ya cilezi. Ena amatenga mapiritsi akumwa tsiku ndi tsiku, pamene ena amaikitsa timitengo ta mankhwala pansi pa khungu la mkono. Njira zonsezi zimagwira nchito mwa mahomoni, ndipo munthu woyamba kuonetsa poyera kuti mahomoni angaletse pakati kwa kanthawi anali dotolo wa ku Austria, a Ludwig Haberlandt, amene anamwalira m'caka ca 1932 ali ndi zaka 47.

A Haberlandt sanaone piritsi la cilezi likuperekedwa m'cipatala. Nchito yao inathera pa akalulu, mbira ndi mbewa, ndipo pamene anayesa kuipititsa kwa anthu anakumana ndi citsutso cacikulu. Panapita zaka 28 iwo atamwalira kuti mapiritsi oyamba aloledwe.

Banja la anthu ofufuza

A Ludwig Haberlandt anabadwa pa 1 Febuluwale 1885 mumzinda wa Graz, m'dziko la Austria. Banja lao linali lodziwika kale pa maphunziro a zomera.

Agogo ao, a Friedrich Haberlandt, anali mphunzitsi wa zaulimi mumzinda wa Vienna. Pa cionetsero cacikulu ca maiko cimene cinacitika mumzindawo m'caka ca 1873, iwo anapeza mbeu za soya zocokera ku Asia, naziyesa m'minda, ndipo mu 1878 analemba buku lolimbikitsa alimi a ku Ulaya kulima mbeuyi. Motero alimi a soya a ku Katete ndi ku Vubwi akulima mbeu imene agogo a dotoloyu anaigwirira nchito kwambiri.

Atate ao, a Gottlieb Haberlandt, anali pulofesa wa za zomera pa yunivesite ya Graz, ndipo pambuyo pake anasamukira ku Berlin. Mu 1902 iwo anayesa kulera tizigawo ting'onoting'ono ta cimera m'botolo, kunja kwa cimera ceniceni, nchito imene inadzakhala maziko a njira yoculukitsira mbeu monga nthoci ndi cinangwa m'nyumba zofufuzira.

Mwana wao Ludwig anasankha za udotolo. Anamaliza maphunziro ku Graz mu 1909, ndipo mu 1911 anapita ku yunivesite ya Innsbruck, mzinda wa pakati pa mapiri m'cigawo ca Tyrol. Kumeneko anagwira nchito m'cigawo cophunzitsa za kagwiridwe nchito ka ziwalo za thupi, ndipo anakhala komweko mpaka imfa yao.

Zaka zoyamba anazithera pa kufufuza za mtima, maka-maka comwe cimacititsa kuti uzigunda wokha. Pogwiritsa nchito mitima ya acule, iwo anafika pokhulupirira kuti mumtima muli homoni yakeyake imene imaugunditsa. Ganizoli silinatsimikizike monga mmene iwo anayembekezera, koma likuonetsa kuti mtima wao unali pa mahomoni.

Funso limene mlimi aliyense angalimvetse

Mau akuti homoni anali acilendo masiku amenewo. Anayamba kugwiritsidwa nchito mu 1905 ndi wasayansi wa ku Britain, a Ernest Starling, pochula timadzi timene ciwalo cimodzi ca thupi cimatulutsa, n'kuyenda m'magazi kukauza ciwalo cina zocita.

Funso limene linavutitsa a Haberlandt ndi lodziwika kwa aliyense woweta ng'ombe kapena mbuzi ku Sinda. Ng'ombe yaikazi ikatenga bere siifunanso nkhunzi, ndipo siitenga bere lina pamwamba pa loyambalo. Cimodzimodzinso mai woyembekezera saona kumwezi ndipo satenga pakati pena mpaka atabereka. Kodi n'ciani m'thupi cimene cimatseka khomo pa nthawi imeneyo?

Akatswiri ena anali atayamba kale kuloza yankho. Mu 1897 a John Beard, amene anali kuphunzitsa ku Edinburgh, ndi mu 1898 a Auguste Prenant a ku France, anaganizira za kanthu kacikasu kamene kamamera m'thumba la mazira dzira likatuluka. Madotolo amakacha corpus luteum. Ngati palibe pakati, kanthuka kamafota pakapita masiku owerengeka. Koma ngati pali pakati, kamakhalabe, ndipo akatswiriwo anaganiza kuti ndiko kamaletsa mazira ena kutuluka.

A Haberlandt anapitirira pamenepo. Iwo anaganiza kuti ngati thumba la mazira la nyama ya bere limatulutsa cinthu coletsa mazira, ndiye kuti cinthu comweco cikaikidwa m'thupi la nyama yopanda bere, thupilo lidzayesa kuti lili ndi bere ndipo lidzaleka kutulutsa mazira kwa kanthawi.

Kuyesa pa akalulu

Iwo anayamba kuyesa ganizoli m'caka ca 1919. Inali nthawi yovuta. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse inali itangotha mu 1918, ufumu waukulu wa Austria ndi Hungary unali utapasuka, cakudya cinali cosowa, ndipo ndalama ya dzikolo inali kutha mphamvu mwezi ndi mwezi.

Kalulu anali nyama yoyenera pa nchitoyi. Amabereka pakangotha mwezi umodzi, ndipo kalulu wamkazi amatulutsa mazira akangokumana ndi wamwamuna, pakapita maola pafupifupi khumi. Conco kalulu wathanzi akakumana ndi wamwamuna kangapo koma osatenga bere, wofufuza amadziwa kuti pali cimene caletsa.

A Haberlandt anacotsa matumba a mazira mwa akalulu a bere, nawaika pansi pa khungu la akalulu aakazi opanda bere, amene matumba ao a mazira anawasiya monga mmene analili. Pambuyo pake anawaika pamodzi ndi akalulu aamuna. Ena mwa akaluluwo anakhala milungu yambiri osatenga bere ngakhale anakumana ndi aamuna kawirikawiri. Anayesanso cimodzimodzi pa mbira.

Cinthu cacikulu pa zotsatirazi cinali cakuti kusabereka kwake kunali kwa kanthawi cabe. Ciwalo coikidwaco citafota, akaluluwo anayambanso kutenga bere. Iwo anafalitsa zimenezi mu 1921 m'magazini ya madotolo yosindikizidwa mumzinda wa Munich, ku Germany.

Komabe kusamutsa ciwalo ndi opaleshoni, ndipo si njira imene ingacitike pa anthu ambiri. Pa cifukwa cimeneci iwo anayamba kufinya madzi kucokera m'matumba a mazira a ng'ombe za bere ndi m'nsengwa, n'kuwalasa mwa nyeleti m'nyama zofufuzira. Mu 1927 anafalitsa zotsatira za kuyesa kwina: mbewa zoyera zazikazi zimene anazidyetsa mankhwalawo pakamwa zinaleka kubereka kwa kanthawi. Apa m'pamene panabadwira ganizo la piritsi lakumwa.

Cimene anali kufuna

Masiku amenewo dotolo wofuna kuteteza mai wodwala kuti asatenge pakati anali ndi njira zocepa ndiponso zoopsa. Anali kutseka mai ndi opaleshoni, imene inali yosabwezeka, kapena kuocha matumba a mazira ndi ceza ca X-ray, cimene cinali kuononga thupi. Matenda a cifuwa cacikulu anali ofala ku Ulaya, ndipo kwa mai wodwala cifuwa, mtima kapena impso, pakati panali kutanthauza imfa nthawi zina. Azimai ambiri anali kufanso pocotsa pakati mobisa.

A Haberlandt anafuna njira yopatsa mai wotere mpumulo, kuti akacira adzathe kuberekanso. Anaonanso kuti njirayi ingathandize mabanja osauka kukhala ndi ana amene angathe kuwalera.

Mbiri yao ili ndi mbali ina imene siyenera kubisidwa. Monga madotolo ambiri a ku Ulaya a nthawiyo, iwo analembanso kuti mankhwalawa angathandize kucepetsa kubadwa kwa ana a matenda a kumtundu. Maganizo otere, osankhula amene ayenera kubereka ndi amene sayenera, anadzabweretsa nkhanza zoopsa ku Germany mu ulamuliro wa cipani ca Nazi kuyambira mu 1933, ndipo lero amakanidwa. Cilezi ca masiku ano cimaima pa ufulu wa mai ndi banja lake kusankha okha.

Citsutso

Manyuzipepala atalengeza za mbewa zija, dzina la a Haberlandt linamveka m'maiko ambiri, koma kwao linawabweretsera mavuto. Citsutso cinacokera mbali zitatu.

Madotolo anzao ena anaopa kuti mankhwalawo angaononge mazira a mai, ndi kuti ana obadwa pambuyo pake angakhale olemala. Funsoli linali loyenera kufunsidwa, pakuti panthawiyo panalibe amene anali kudziwa dzina kapena kapangidwe ka cinthu cimene cinali m'madzi ofinyidwawo, ndipo mphamvu yake inali kusiyana botolo ndi botolo.

Andale nawo anali ndi nkhawa ndi kucepa kwa ana obadwa, popeza dziko linali litataya amuna ambiri pankhondo. Kwa iwo, mankhwala oletsa kubereka anali kufooketsa mtundu.

Panalinso citsutso ca cipembedzo. Cigawo ca Tyrol n'ca Akatolika ambiri, ndipo pa 31 Disembala 1930 Papa Pius XI anatulutsa kalata yochedwa Casti connubii, yotsimikiza ciphunzitso ca mpingo cokana njira zopangidwa ndi anthu zoletsera kubereka.

Ngakhale zinali tero, a Haberlandt anapitiriza. Anagwirizana ndi kampani yopanga mankhwala ya Gedeon Richter ya mumzinda wa Budapest, ku Hungary, imene inakonza mankhwala ochedwa Infecundin. Mu Seputembala 1930 anakamba za nchito yao pa msonkhano waukulu mumzinda wa Vienna, ndipo mu 1931 anatulutsa buku lofotokoza zonse zimene anapeza m'zaka zoposa khumi, ndi mmene zingagwirire nchito pa azimai.

Koma pa yunivesite anatsala okha. Anzao anawatalikira, ndipo udindo wapamwamba umene anali kuyembekezera sunabwere. Pa 22 Julayi 1932, mumzinda wa Innsbruck, a Ludwig Haberlandt anadzipha. Nchito yokonza mankhwala aja inaima, ndipo dzina lao linaiwalika kwa zaka zambiri.

Zimene zinatsatira

Patangopita zaka ziwiri, mu 1934, magulu anai a akatswiri a ku Ulaya ndi ku America anakwanitsa kupatula homoni ya kanthu kacikasu kaja, ndipo inapatsidwa dzina lakuti progesterone. Mu 1937 ofufuza atatu a pa yunivesite ya Pennsylvania, a Makepeace, a Weinstein ndi a Friedman, analasa homoniyi mwa akalulu naona kuti mazira sanatuluke. Apa zinatsimikizika kuti ganizo la a Haberlandt linali loona.

Lero kagwiridwe kake ka nchito n'kodziwika bwino. Pansi pa ubongo pali kaciwalo kamene kamatumiza mahomoni olamula thumba la mazira kukhwimitsa ndi kutulutsa dzira mwezi uliwonse. Magazi akakhala ndi progesterone wambiri, monga zimakhalira mai akakhala ndi pakati, ubongo umaleka kutumiza lamulolo, ndipo dzira silituluka. Homoniyi imalimbitsanso cikazi ca pakhomo pa cibaliro kuti mbeu ya mwamuna ivutike kudutsa.

Vuto linatsala pa mtengo. Kuti apeze progesterone wocepa kwambiri, akatswiri anali kufinya ziwalo za nkhumba zambirimbiri, ndiponso homoni yacilengedweyi imacepa mphamvu ikamwedwa pakamwa. M'zaka za m'ma 1940 katswiri wa ku America, a Russell Marker, anapeza njira yoipangira kucokera ku zilazi za m'chire za ku Mexico, ndipo mtengo unatsika. Pa 15 Okutobala 1951, pa kampani ya Syntex mumzinda wa Mexico City, wophunzira wacinyamata Luis Miramontes, pogwira nchito ndi a Carl Djerassi ndi a George Rosenkranz, anapanga norethisterone, mankhwala ofanana ndi progesterone koma amphamvu ngakhale akamwedwa.

Nchito yotsala inabwereranso kwa akalulu. Ku Massachusetts, m'dziko la America, a Gregory Pincus ndi a Min Chueh Chang anayesa mankhwala atsopanowa pa akalulu ndi makoswe, molimbikitsidwa ndi mai Margaret Sanger ndiponso ndi ndalama za mai Katharine McCormick. Mu 1956 anayamba kuyesa pa azimai ambiri pa cilumba ca Puerto Rico, mothandizana ndi dotolo wa azimai, a John Rock. Mu 1960 boma la America linavomereza piritsi loyamba la cilezi, lochedwa Enovid.

Kuyesa kwa ku Puerto Rico kunadzudzulidwa pambuyo pake cifukwa azimai osauka amene anamwa mapiritsiwo sanauzidwe mokwanira kuti anali mankhwala oyesedwa cabe. Mapiritsi oyambawo analinso ndi mahomoni oculuka kwambiri, ndipo ena mwa omwa anadwala matenda a kuundana kwa magazi. Enovid woyamba anali ndi mamaikulogalamu 150 a homoni ya estrogen, pamene mapiritsi ambiri a masiku ano ali ndi 30 cabe.

M'zaka za m'ma 1960 kampani ya Gedeon Richter inatulutsa piritsi lake la cilezi ku Hungary, ndipo inalipatsa dzina lakale lija la Infecundin. A Djerassi, amene ambiri anali kuwacha tate wa piritsi, analemba m'mabuku ao kuti ulemu wokhala gogo wa piritsilo uyenera kupita kwa a Haberlandt.

Cilezi kuno kwathu

Kutalikitsa nthawi pakati pa ana si nzeru yocokera ku Ulaya. Pakati pa Acewa ndi Ansenga, anamkungwi anali kulangiza mai kuyamwitsa nthawi yaitali, ndipo mwambo unali kuletsa banja kukhalira malo amodzi mpaka mwana atatengedwa kumphasa. Kutumbiza, ndiko kutenga pakati wina akali kuyamwa, kunali kocititsa manyazi cifukwa anthu anali kuona mmene mwana wosiyitsidwa bere msanga anali kuondera. Azimai ena anali kumanga mkuzi wa mankhwala m'ciuno.

Sayansi yaonetsa kuti pa njira zimenezi, kuyamwitsa kumagwiradi nchito, ndipo nakonso kumadzera m'mahomoni. Mwana akamayamwa pafupipafupi usana ndi usiku, ubongo wa mai umacedwetsa lamulo lotulutsa dzira. Anamwino amaphunzitsa kuti njirayi ndi yodalirika pokhapo ngati mwana sanakwanitse miyezi isanu ndi umodzi, akuyamwa bere lokha, ndipo mai sanayambenso kuona kumwezi.

M'dziko la Zambia, bungwe loyamba lolimbikitsa cilezi ca makono linakhazikitsidwa mu 1972, ndipo ndilo linadzakhala Planned Parenthood Association of Zambia. Nalonso linakumana ndi citsutso poyamba, kucokera kwa atsogoleri ena amene anaona kuti dziko lili ndi malo ambiri ndipo likufuna anthu oculuka. Boma linakhazikitsa ndondomeko yake yoyamba ya ciwerengero ca anthu mu 1989.

Kafukufuku wa boma wa za umoyo wa mu 1992 anapeza kuti azimai 9 cabe pa azimai 100 okwatiwa ndiwo anali kugwiritsa nchito njira za makono za cilezi, ndipo mai mmodzi anali kubereka ana oposa asanu ndi mmodzi. Kafukufuku wa mu 2018 anapeza kuti ciwerengero cinafika pa azimai 48 pa 100, nyeleti ndiyo inali njira yofala koposa, ndipo ciwerengero ca ana pa mai mmodzi cinatsika kufika pa 4.7.

Maboma a Sinda ndi Vubwi anakhazikitsidwa mu 2012, ndipo monga Katete, anthu ake ambiri amakhala kumidzi, kudalira ulimi wa cimanga, nshawa, soya, thonje ndi fodya. Kwa mai wa kumudzi amene amalima, kutunga madzi ndi kulera ana, ndiponso amene cipatala cacikulu cili kutali, nthawi yopuma pakati pa mimba ndi nkhani ya moyo. Akatswiri oitanidwa ndi bungwe la za umoyo pa dziko lonse la WHO mu 2005 analangiza kuti mai adikire miyezi yosacepera 24 atabereka asanatenge pakati pena, kuti acepetse ngozi kwa iye mwini ndi kwa mwana.

Funso limene madotolo anafunsa a Haberlandt likumvekabe m'midzi yathu: kodi mankhwalawa saumitsa mai mpaka kalekale? Yankho ndi lomwe lija linaoneka pa akalulu a ku Innsbruck. Mankhwala akatha m'thupi, kubereka kumabwerera. Pa mapiritsi ndi timitengo ta pamkono kumabwerera msanga, pamene pa nyeleti ya miyezi itatu kumatha kucedwa miyezi ingapo. Ofufuza sanapezenso umboni wakuti ana obadwa pambuyo pake amakhala olemala cifukwa ca mankhwalawa.

Komabe njira za mahomoni si zoyenera aliyense. Azimai ena amaona kusintha kwa msambo, kupweteka mutu kapena kunenepa. Mai wodwala kuthamanga kwa magazi, kapena wosuta fodya amene wapitirira zaka 35, sayenera kumwa mapiritsi okhala ndi estrogen. Ndiponso palibe piritsi kapena nyeleti ya cilezi imene imateteza ku kacirombo ka HIV ndi matenda ena opatsirana pogonana. Pa zimenezo pafunika kondomu. N'cifukwa cake a zaumoyo amalangiza mai, ngati n'kotheka pamodzi ndi mwamuna wake, kukambirana ndi namwino asanasankhe njira.

Mipingo imasiyana maganizo pa nkhani ya cilezi ca mankhwala mpaka lero, ndipo banja lililonse limasankha motsatira cikhulupiriro ndi cikumbumtima cake.

A Ludwig Haberlandt anabadwa pa 1 Febuluwale 1885 ku Graz, namwalira pa 22 Julayi 1932 ku Innsbruck. Kucokera pamene anayamba kuyesa pa akalulu mu 1919 kufika pamene piritsi loyamba linavomerezedwa mu 1960 panapita zaka 41.